Kuleza

Dzina lake akuti ndi leza.
Tsiku loyamba ndinaseka, ndinati kodi mwini uta uja
umene umaponda mwendo pa Malosa mvula ikakata?
Asiyatu sanaseke.
Anati ukhale kaye miyezi itatu m'chipinda muno,
udzadziwa kuti dzinali limapempha mtima.

Kuwala kwake n'kofiira, kowonda ngati ulusi.
Ukakuyang'ana ungalumbire kuti kwaima nji.
Bodza.
Kumatsetsereka. Mtundu wake umasuntha
pang'ono zedi moti diso silingaugwire,
koma kwa ife ofuna kuyezera kuwalako
zili ngati telala wa mumsika
amene tepi yake imatalika dzuwa likaswa mtengo.

Ndiye tinakumangira khola:
magalasi awiri oyang'anizana maso ndi maso,
pakati pawo kamtanda kosamva kutentha,
kobooka mkati ngati bango.
Mpweya wonse tinaupopamo.
Kuwala kukalowa kumapita, kubwera, kupita, kubwera,
maulendo zikwizikwi pamalo osaposa chikhatho,
ndipo funde lokwana ndendende, mutu ndi mchira,
ndi lokhalo lopeza malo.
Enawo amafafanizana okhaokha, zii.

Tauniyi sidziwa kuti timaimva.
Lole ya matabwa ikamatsika ku Kuchawe
kamzere ka pa sikirini kamachita tsemwe.
Asilikali akamathamanga m'bandakucha
mapazi awo amatifika nyimbo isanafike.
Chiperoni chikagwa, chitsulo chimadzikwinya,
magalasi n'kuyandikana ndi kampata
kamene tsitsi la khanda ndi chipika poyerekeza.
Tebulo tinaligoneka pa machubu anayi a minibasi
amene tinagula kwa wowotcha matayala ku Chinamwali,
komabe timadziwa nthawi imene a Mkwapatira, mlonda,
amakoka mpando kuti awongole miyendo.

Choncho pali kabokosi kamene sikagona.
Kamamvetsera kuwala kobwerera kuchokera pakhomo la khola
n'kumanong'oneza leza:
wapatuka, bwerera,
wapitirira, bwerera,
kambirimbiri munthu asanaphethire.

Mchimwene wanga Ajibu amatsitsa nkhuni kuphiri,
mtolo wotalika kuposa iye pa njinga yopanda mabuleki abwino,
nsapato ya tayala ikukhula msewu.
Ndinamufunsa tsiku lina, umatha bwanji kuyenda mowongoka?
Anandiyang'ana ngati ndamutukwana.
Wakunamiza ndani? Ine ndimagwa njira yonse,
kungoti ndimabweza ndisanafike pansi.

Ndimamukumbuka usiku uno.
Asiyatu wavula nsapato, akuyenda chonyang'ama.
Chala chake chili pa kachitsulo kopotera,
akukasuntha ngati akutulutsa chitsotso m'diso la mwana.
Kamzere kakukwera. Kakutsika. Kakukana.
Kenako phee,
kagona pansi kowongoka,
ndipo kuseri kwa khola kwatuluka kadontho kowala
kozungulira bwino, kosagwedera.
Palibe wopuma.
Kunjaku Mulunguzi akupitiriza zake,
galu akuuwa cha ku Matawale,
ife tikuwerenga.

Mphindi khumi.
Makumi awiri.
Ndayamba kale kuganiza za zimene tingayeze nako:
kupuma kwa mwala wa phirili,
nthawi yodulidwa tizidutswa topanda maina.
Makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri.

Magetsi thi.

Mumdima mukungomveka kulira kwa batire
limene tinalonjezedwa kuti lisinthidwa chaka chatha.
Jenereta sitingailize, imagwedeza nyumba yonse.
Asiyatu wayatsa tochi ya foni,
walemba nambalayo m'buku, waidula mzere kunsi.
Dzulo zinali makumi atatu ndi imodzi, akutero.

Ndakhala pansi, msana kukhoma lozizira.
Magalasi awiri aja akuyang'anizanabe mumdima,
opanda chowonetsana,
mtunda wa pakati pawo ukadali womwewo.
A Mkwapatira akugogoda, akufunsa ngati tikuweruka.
Ayi, bambo, tikudikira.
Koma chonde, mpandowo
muziunyamula.